Kodi Kukhala Chete pa Ndalama Imene Walandira ndi Bodza?

Lamulungu lina mwezi wathawu, titatuluka ku Misa yoyamba, mwana wa mlongo wanga ananditsatira mpaka kunyumba kuno ku Chitawira. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani, chifukwa mnyamata ameneyu akangotuluka m'tchalitchi amathamangira kwa anzake. Titakhala pakhonde anatulutsa foni n'kundiwerengera uthenga umene unachokera ku kampani ina yakunja.

Mnyamatayu ntchito yake ndi yolemba mapulogalamu a pakompyuta. Amapangira anthu mawebusaiti ndiponso timapulogalamu tothandiza masukulu ndi magolosale kusunga kaundula wa ndalama. Madzulo amajambula mavidiyo ophunzitsa anzake luso lomweli, akusakaniza Chichewa ndi Chingerezi monga amayankhulira achinyamata a m'tauni muno. Omutsatira si ochuluka ngati a oimba, koma ndi anthu amene amamumvera: ophunzira a ku MUBAS pa Chichiri apa, anyamata ndi atsikana a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa amene akudziphunzitsa okha ndi bandulo ya usiku, ndi ena amene angoyamba kumene ntchito m'maofesi.

Kampani ija imachita lendi malo osungirako mawebusaiti. Inalonjeza kumulipira akaitchula m'mavidiyo ake, komanso kumupatsa komishoni pa munthu aliyense amene angalembetse kudzera pa linki yake. Ndalamazo zinali zokwanira kulipira lendi ya nyumba kwa miyezi ingapo. Koma panali pempho limodzi: aitchule ngati chinthu chimene iyeyo amangochikonda, osati ngati malonda. Sanamuuze kuti aname. Anangomupempha kuti asanene.

"Amalume," anatero, "ine sindinena bodza lililonse. Kampaniyi ndaiyesa ndipo imagwira bwino ntchito. Nanga ndikapanda kutchula zoti andilipira, ndalakwira ndani?"

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo. Funso lake si lachibwana, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri mwa ife tili nalo m'njira ina, ngakhale amene sitinalembepo pulogalamu ndi imodzi yomwe. N'chifukwa chake ndalibweretsa pano.

Tiyambire pa depoti. Mukafika ku Limbe kapena pa Wenela, mnyamata woitanira amakuuzani kuti minibasi yake ndi imene ikunyamuka pompano. Palibe amene amakwiya naye kwenikweni, chifukwa tonse tikudziwa kuti amadya pomwepo. Mawu ake timawayeza tisanawakhulupirire: timasuzumira kaye m'kati, tione ngati anthu akhalamowo ndi apaulendo enieni. Koma tayerekezani kuti mnansi wanu, amene mumamwa naye tiyi, wakuuzani kuti, "Musakwere iyo, kwerani iyi, ine ndimakwera imeneyi tsiku ndi tsiku." Simusuzumiranso. Mumangokwera. Tsono mukadzamva mawa kuti mwini minibasiyo amamupatsa kangachepe pa mutu wa munthu aliyense amene wamubweretsa, mudzamva kuwawa ngakhale munafika bwino kumene munkapita. Kukhumudwa kwanu sikudzachokera pa minibasi. Kudzachokera poti munavula tcheru chanu chifukwa munkaganiza kuti mukuyankhula ndi mnansi, pamene munkayankhula ndi woitanira.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tikamamvera munthu, sitimva mawu okha. Timafunanso kudziwa kuti akuyankhula ali pati. Mawu omwewo akachokera kwa wogulitsa amalemera mwina, akachokera kwa mphunzitsi amalemeranso mwina. Kampani ija ikudziwa bwino zimenezi. Ikadafuna kungolengeza malonda ake, ikadagula malo pa Facebook kapena pa YouTube, pamene aliyense amaona kuti awa ndi malonda. Chimene ikugula kwa mnyamata uja ndi chikhulupiriro chimene ophunzira ake ali nacho pa iye, ndipo ikudziwa kuti chikhulupirirocho chimagwira ntchito kwambiri pamene omvera sakudziwa kuti chagulidwa. Pempho loti asanene likutanthauza kuti kampaniyo ikuwerengera phindu pa kusadziwa kwa omvera. Munthu amene wavomera pempho lotere wavomera kusunga anzake mu mdima kuti wina apindule.

Choncho yankho loti "sindinanene bodza" silikwanira. Munthu angathe kupusitsa mnzake ndi mawu oona okhaokha. Wogulitsa galimoto amene akukuuzani kuti matayala ndi atsopano, mipando ndi yabwino, wailesi ikulira, koma osatchula kuti injini inaphulikapo, sananene bodza ndi limodzi lomwe. Komabe tonse tikudziwa dzina limene tingamutche. Mu February 1997, nthambi ya ku Vatican yoona za kufalitsa mauthenga inatulutsa chikalata chokhudza khalidwe loyenera pa kutsatsa malonda, ndipo mfundo yake yoyamba inali ya choonadi: kuti wotsatsa malonda angapusitse anthu ndi zimene wanena, ndi zimene wawachititsa kuganiza, komanso ndi zimene wasiya kunena. Nthawi imeneyo kunalibe YouTube kapena TikTok, koma mfundoyo ikugwira mnyamata wa foni m'manja monga momwe inkagwirira mwini wailesi.

Si chete aliyense amene ali bodza, ndipo tisapitirire muyeso. Palibe amene ali ndi udindo wouza anthu zonse za moyo wake. Dokotala sauza wodwala malipiro ake. Mphunzitsi salengeza ngongole zake m'kalasi. Chimene chimasandutsa chete kukhala chinyengo ndi ichi: kodi chimene ndabisacho chikadasintha mmene mnzangayu akumvera mawu anga, ndipo kodi ndachibisa pa chifukwa chomwecho? Malipiro a dokotala sasintha kanthu pa mankhwala amene wakulemberani. Koma ngati dokotalayo amalandira komishoni ku sitolo ya mankhwala imene wakutumizani, pamenepo muli ndi ufulu wodziwa, chifukwa mukadadziwa mukadafunsa mtengo kwina.

Mnyamata uja anali ndi mfundo yachiwiri, ndipo ndi yamphamvu kuposa yoyamba. Anati ndalama sizinasinthe maganizo ake. Kampaniyo ankaikonda kale asanalandire uthenga. Ine ndimamukhulupirira. Koma pali zinthu ziwiri zimene anaiwala. Choyamba, palibe munthu amene amadziona bwino pamene thumba lake lakhudzidwa. Ndalama kawirikawiri sizimusandutsa munthu wabodza tsiku limodzi. Zimangomuchititsa kuti vuto laling'ono aziliona ngati losafunika kutchula, kampani ina yotsika mtengo aziiwala kuiyesa, ndipo funso lovuta la wophunzira aziliyankha mwachidule. Chachiwiri, ngakhale atakhala woyera mtima kotheratu, si iyeyo woyenera kuweruza mlandu wake womwe. Oweruza ndi omvera. Akawauza kuti walipidwa, akuwabwezera mpando wawo woweruzira. Akabisa, wawalanda mpandowo n'kukhalapo yekha.

Zimenezi si zongoganizira. Mu 2016 bungwe la boma la America loona za malonda, la Federal Trade Commission, linatenga mlandu kampani ya Warner Bros. pa momwe inatsatsira masewero a pakompyuta otchedwa Middle-earth: Shadow of Mordor. Kampaniyo inalipira anthu otchuka pa YouTube, kuphatikizapo PewDiePie, kuti ajambule mavidiyo oyamikira masewerowo, ndipo inawalangiza kuti asaonetse zolakwika zimene angapeze mu pulogalamuyo. Mawu onena kuti alipidwa ankaikidwa m'munsi mwa vidiyo, pamalo pamene munthu amayenera kudina kaye kuti awaone. Mavidiyowo anaonedwa koposa ka 5.5 miliyoni. Chaka chotsatira, mu 2017, bungwe lomwelo linagwira anyamata awiri otchuka, Trevor Martin ndi Thomas Cassell, amene ankajambula mavidiyo akuwina pa webusaiti ya juga yotchedwa CSGO Lotto ngati kuti angoitulukira, osanena kuti eni ake anali iwo omwe. Taonani kuti m'nkhani ziwirizi kubisa ndalama kunayenda limodzi ndi kubisa zilema za katundu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina angafunse kuti bwanji tikudandaula za anthu olemba mapulogalamu, anthu ophunzira, odziwa kufufuza okha. Ine ndikuona kuti kwa iwowa nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, pa zifukwa zitatu.

Choyamba, anthu a ntchito imeneyi sakhulupirira malonda wamba. Amakhulupirira mnzawo amene wayesa chida ndi manja ake n'kuwaonetsa pa sikirini. N'chifukwa chake makampani ogulitsa zida za ntchitoyi, malo osungira mawebusaiti ndi maphunziro a pa intaneti amafunafuna aphunzitsi a pa YouTube ndi olemba nkhani za luso. Akudziwa kuti khomo lakutsogolo ndi lotseka, ndiye amalowera kwa mnansi.

Chachiwiri, wolemba mapulogalamu sasankhira yekha. Akasankha malo osungirako webusaiti ya sukulu, ya chipatala chaching'ono kapena ya gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama, amene adzalipira mwezi ndi mwezi ndi eni sukuluyo, amene sadziwa n'komwe dzina la kampaniyo. Ndiponso pulogalamu ikamangidwa pa chida china, kuisamutsa ndi ntchito yaikulu, ngati kusamutsa nyumba imene yamangidwa kale pa maziko a eni. Munthu amene wagula sopo woipa amangosintha sabata yamawa. Amene wamanga pulogalamu pa malo olakwika amakhala nawo zaka.

Chachitatu ndi chathu chathu kuno ku Malawi. Zida zambiri zoterezi zimalipiridwa mu madola. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Aliyense amene anali ndi bilu ya mwezi ndi mwezi ya mu madola anaona bilu yake ikukwera usiku umodzi, osawonjezera kanthu pa zimene amalandira. Onjezanipo kusowa kwa ndalama zakunja kumene tonse tikukudziwa. Mphunzitsi woona mtima wa ku Blantyre ayenera kuuza ophunzira ake zonsezi, ndi kuwaonetsa njira zaulere kapena zotsika mtengo pamene zilipo, pakuti m'ntchito imeneyi muli zida zambiri zabwino zimene anthu amagawana kwaulere. Koma mphunzitsi amene amalandira komishoni pa aliyense wolembetsa ali ndi chifukwa chosatchula njira zaulerezo. Wophunzira ayenera kudziwa kuti chifukwa chimenecho chilipo.

Mfundo yachitatu ya mnyamata uja ndi imene inandikhudza kwambiri. Anati, "Amalume, ntchito kulibe. Mavidiyowa ndimajambula ndi bandulo yanga, magetsi akazima ndimadikira mpaka pakati pa usiku, ndipo palibe amene amandilipira. Lero wina akufuna kundipatsa kanthu, inu mukuti ndikane?" Sindinati akane. Kulipidwa si tchimo. Wogwira ntchito ayenera kudya, ndipo maphunziro aulere amene achinyamata athu akupeza pa intaneti ambiri alipo chifukwa pali makampani amene amalipira aphunzitsiwo. Nyuzipepala ndi mawailesi akhala akudalira malonda kuyambira kale. Koma wailesi ikafika pa malonda, womvera amadziwa kuti nkhani zatha, tsopano ndi malonda. Chimene tikupempha kwa mnyamata wa mavidiyo n'chomwecho: alandire ndalama yake poyera. Umphawi ungatichititse kumvetsa munthu amene wagwa m'mayesero, koma sumasandutsa chinyengo kukhala chilungamo, makamaka pamene opusitsidwawo ndi amphawi anzake, amene mwina akongola ndalama ya maphunzirowo kwa makolo ogulitsa mandasi.

Nanga zoti aliyense akuchita zomwezo? N'zoona kuti pa masamba a mchezo timaona anthu otchuka akuyamikira mafuta odzola, malo odyera, makampani a juga ndi njira zolemerera msanga, ndipo kawirikawiri sitiuzidwa ngati alipidwa kapena ayi. Koma taonani zotsatira zake. Tafika poti munthu akayamikira chinthu pa Facebook, ndemanga yoyamba imakhala yofunsa kuti wapatsidwa zingati. Ngakhale amene akuyamikira kuchokera pansi pa mtima sakukhulupiridwanso. Chikhulupiriro pakati pa anthu chili ngati chitsime cha m'mudzi: aliyense amatungapo, ndipo mmodzi akataya zinyalala onse amamwa madzi oipa. Wobisa malipiro ake sakungopusitsa omutsatira okha. Akuwonongeranso mnzake woona mtima amene adzayankhule mawa.

Maiko ena aika malamulo pa nkhaniyi. Ku America, malangizo a Federal Trade Commission anakonzedwanso mu 2009 kuti akhudze olemba pa intaneti, ndipo mu 2023 anawonjezeredwa mphamvu, kutsindika kuti chidziwitso cha malipiro chikhale poti munthu sangachiphonye. Ku France, lamulo la mu June 2023 limakakamiza anthu otchuka pa intaneti kulemba poonekera kuti uthenga wawo ndi wamalonda. Ku South Africa, bungwe la Advertising Regulatory Board lili ndi malamulo a pa masamba a mchezo ofuna kuti uthenga wolipiridwa uzidziwika kuti ndi wolipiridwa. Kuno kwathu tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tili ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a malonda osocheretsa, ndipo lamulo lake linakonzedwanso mu 2024. Tilinso ndi bungwe la CAMA loyankhulira ogula. Koma tinene zoona: palibe bungwe limene lingathe kuonera vidiyo iliyonse imene yajambulidwa m'chipinda cha ku Nkolokosa, kapena kuwerenga uthenga uliwonse wa pa WhatsApp. Pamene diso la lamulo silifika, pamatsala chikumbumtima cha munthu.

Tsono kuulula kwenikweni kumaoneka bwanji? Kuyenera kubwera poyamba, munthu asanamve zoyamikirazo, osati kumapeto pamene wagula kale mu mtima. Kuyenera kunenedwa ndi pakamwa m'vidiyo momwemo, m'chiyankhulo chimene omvera akumva. Kachizindikiro ka Chingerezi kobisika pakati pa mawu ena makumi awiri m'munsi mwa vidiyo ndi njira yodzitetezera pa mlandu, si njira youzira munthu zoona. Ndipo malipiro si ndalama zokha. Laputopu yaulere, ulendo wa ku msonkhano ku Nairobi kapena ku Cape Town, mwayi wogwiritsa ntchito chida kwaulere chaka chonse, komishoni ya pa linki, gawo m'kampani, ngakhale ubale ndi mwini wake: zonsezi zimakoka mtima, ndipo zonsezi ziyenera kutchulidwa. Mawu ake ndi ochepa: "Kampani iyi yandilipira kuti ndiitchule, ndipo mukalembetsa kudzera pa linki yanga ndimalandirapo kanthu." Satenga ngakhale theka la mphindi.

Komabe tisaganize kuti munthu akaulula ndiye kuti wasamba m'manja. Mu October 2022 bungwe la America loyang'anira misika ya ndalama linalipiritsa Kim Kardashian madola 1.26 miliyoni chifukwa chotsatsa ndalama ya pa intaneti yotchedwa EthereumMax pa Instagram. Uthenga wake unali ndi kachizindikiro koti ndi malonda, koma sananene kuti analandira madola 250,000, monga lamulo la misika imeneyo limafunira. Kampani ya FTX, imene inagwa mu November 2022 n'kumiza ndalama za anthu ambirimbiri, inkatsatsidwa poyera ndi akatswiri a masewero ndi anthu otchuka pa YouTube, ndipo mwini wake Sam Bankman-Fried anaweruzidwa kukakhala kundende zaka 25 mu March 2024. Ambiri mwa otsatsawo sanabise kuti alipidwa. Chimene sanachite ndi kufufuza chimene ankaitanira anthu. Kuno kwathu Reserve Bank of Malawi inachenjeza kale mu 2019 kuti ndalama za pa intaneti zoterezi si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, koma mpaka lero mauthenga oitanira anthu ku njira zolemerera msanga akuyendabe m'mafoni mwathu, aliyense ndi linki yake.

Choncho udindo uli pawiri. Woyamba ndi kunena kuti walipidwa. Wachiwiri ndi kusaitanira anthu ku chinthu chimene iwe mwini sunachiyese, sukuchimvetsa, kapena sungachipereke kwa mng'ono wako. Kuulula kumachotsa chinyengo, koma sikuchotsa udindo wa mawu ako. Nkhoswe imene yauza banja kuti mkamwini anaipatsa mbuzi yachita bwino kunena, koma ngati ikudziwa kuti mkamwiniyo ndi wankhanza n'kumuyamikirabe, mbuzi yoululidwayo siichotsera mlandu. Ndipo pali mayeso amodzi osavuta: kodi mgwirizanowu ukundilola kunena zoipa za katunduyu ndikazipeza? Ngati yankho ndi ayi, munthu wasiya kukhala mphunzitsi, wasanduka cholankhulira cha eni.

Ife omvera tilinso ndi mbali yathu. Safunsa anadya phula. Si mwano kufunsa munthu mwaulemu kuti, "Kodi pamenepa mukupezapo kanthu?" Woona mtima sakwiya ndi funso limeneli. Makolo amene mukulipirira ana maphunziro a pa intaneti, afunseni kuti anamva kwa yani za maphunzirowo, ndipo ngati amene anawauzayo ali ndi linki yakeyake. Mu April 2024 bungwe la America loteteza anthu pa nkhani za ngongole linalanga sukulu ya pa intaneti yophunzitsa kulemba mapulogalamu ya BloomTech, imene kale inkatchedwa Lambda School, chifukwa mwa zina inkauza ophunzira chiwerengero chokokomeza cha omaliza maphunziro amene amapeza ntchito. Ngati zoterezi zikuchitika kumene malamulo ndi olimba, mwana wa ku Chitawira amene akulipira ndi khadi la kubanki la bambo ake ayenera kuchenjera kawiri. Komanso tiphunzire kulemekeza amene amaulula. Ngati timathawa munthu amene wanena poyera kuti walipidwa, n'kumakhamukira kwa amene amabisa, ndiye kuti ife tomwe tikuphunzitsa achinyamata kuti kubisa kumalipira.

Ndanena za mavidiyo ndi makompyuta, koma tisanaloze chala achinyamata tiyeni tidziyang'ane. Mmisiri womanga amene amatumiza bwana wake ku sitolo imodzi yokha ya simenti ndi malata chifukwa kumeneko amamusungira kake. Makaniko amene amati sipeya yabwino imapezeka kwa mnzake yekha ku Ndirande. Mayi amene amaika pa gulu la WhatsApp la limana uthenga wa mankhwala azitsamba kapena wa gulu loika ndalama, osanena kuti aliyense wolowa kudzera mwa iwo amawakweza udindo ndi malipiro. Dobadoba amene amadzionetsa ngati wachifundo wongofuna kukuthandizani pa mzere. Onsewa akuchita chimodzimodzi ndi chimene kampani ija inapempha kwa mwana wa mlongo wanga: kuvala nkhope ya mnansi pogwira ntchito ya woitanira. Ndipo pakati pa anthu amene amapemphera limodzi, amayenderana pa matenda ndi pa maliro, kupusitsana kotere kumapweteka kwambiri, chifukwa chikhulupiriro chimene chagulitsidwacho chinamangidwa pa zinthu zimene sizinali za malonda.

Ine ndemwe sindili woyera pa nkhaniyi. Zaka zapitazo mnzanga wa kuntchito anandifunsa kumene angagule puloti, ndipo ndinamutumiza kwa munthu amene anali atandilonjeza kangachepe ndikamupezera wogula. Pulotiyo inalibe vuto, mnzangayo anamanga ndipo akukhala pomwepo mpaka lero. Koma atamva kwa wogulitsayo kuti ndinalandirapo, sanandikalipire. Anangosiya kundifunsa nzeru. Ndalama ija inatha sabata yomweyo, koma kwa zaka zambiri ndinkaona kuti akafuna malangizo amapita kwa ena. Ndikadamuuza tsiku loyamba, ndikhulupirira akadaseka n'kunena kuti ndimugulire fanta.

Nkhani imeneyi ndi imene ndinamuuza mnyamata uja atabweranso Lachitatu madzulo. Ndinamuuzanso kuti chuma chake chenicheni si kamera kapena laputopu, koma kuti mtsikana wa ku Bangwe amene sanamuonepo amakhulupirira kuti iye akati chida ichi n'chabwino, ndiye kuti n'chabwinodi. Chuma chimenecho anachisonkhanitsa kwa zaka, usiku ndi usiku, ndipo kampani ikufuna kuchibwereka pa mtengo wa lendi ya miyezi ingapo.

Analembera kampaniyo kuti ali wokonzeka kugwira nayo ntchito, koma adzanena kumayambiriro kwa vidiyo iliyonse kuti walipidwa, adzatchula kuti bilu yake ndi ya mu madola, ndipo adzaonetsanso njira yaulere kwa amene akungophunzira. Pamene ndikulemba pano kampaniyo sinayankhe, ndipo mwina siyankha. Lendi ya mwezi uno wailipira movutikira monga mwa masiku onse, ndipo sindinganame kuti nkhope yake inali yosangalala pamene ankandiuza zimenezi. Koma Loweruka lapitali anajambula vidiyo ina, yophunzitsa mmene munthu angaikire webusaiti yake yoyamba pa intaneti, ndipo wophunzira wina atafunsa m'ndemanga kuti kampani yabwino ndi iti, anamutchulira zitatu, ndi ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, kuphatikizapo ija imene inamulembera uthenga.